Dotolo amene ankazengedwa milandu ndi ana

Sukulu zikatsala pang'ono kutsegulira, m'mashopu a ku Limbe ndi m'tauni ya Blantyre mumakhala piringupiringu. Makolo ochokera ku Namiwawa, Bangwe, Ndirande ngakhalenso ku Lunzu ndi ku Thyolo amakhala ali kalikiliki kusaka ndowa, bulangete, sopo ndi shuga zoti mwana amene wasankhidwira ku Fomu 1 anyamule.

Katunduyo amagulika ndithu, ngakhale mitengo yake imaboola m'thumba. Koma mayi akamukweza basi mwanayo amabwerera kunyumba ndi nkhawa ina: kodi akakafika kusukulu yogonera komwekoyo akamulandira ndani? Amene adadutsamo amadziwa kuti m'sukulu zina mlendo amalandiridwa ndi makofi, kulandidwa kamba komanso kuchapitsidwa zovala za akuluakulu a Fomu 4.

Zaka zoposa 100 zapitazo, dotolo wina wa Chiyuda mumzinda wa Warsaw, m'dziko la Poland, adaliganizira mozama vuto lomweli. Panyumba ya ana amasiye a Chiyuda imene ankayendetsa, mwana aliyense watsopano ankapatsidwa phungu wake, yemwe adali mwana mnzake wokulirapo. Anawo adalinso ndi bwalo lawolawo la milandu limene linkatha kuitana aliyense, ndi dotolo yemwe.

Mkuluyu amadziwika ndi dzina loti Janusz Korczak. Adaphedwa mu Ogasiti 1942 pamodzi ndi ana pafupifupi 200 amene ankawalera, atakana kuwasiya okha.

Mwana wa loya

Dzina lake lobadwa nalo lidali Henryk Goldszmit. Adabadwa pa 22 Julayi m'chaka cha 1878 kapena 1879. Chakacho chimasokonekera chifukwa bambo ake, a Józef Goldszmit, adazengereza kukalembetsa kubadwa kwa mwanayo kuboma, chonsecho iwowo adali loya wodziwika. Agogo ake aamuna adali dotolo m'tauni ya Hrubieszów.

Banjali lidali lamwanaalirenji ndipo m'nyumba ankalankhula Chipolishi. Henryk ndi mlongo wake Anna adakula akusamalidwa ndi antchito, ndipo mnyamatayu ankaletsedwa kusewera ndi ana osauka amene ankawaonera pawindo.

Ali ndi zaka zisanu, kambalame kake koweta kadafa. Iye adafuna kukaika m'manda pansi pa mtengo ndi kuzikapo mtanda, koma mwana wa mlonda wa panyumbapo adamuuza kuti mbalameyo idali ya Chiyuda monga mwini wake, kotero mtanda sudali woiyenera. Ndi tsiku limenelo pamene Henryk adazindikira kuti kunjaku kuli anthu amene amamuona ngati wosiyana nawo. Nkhaniyi adadzailemba yekha patatha zaka pafupifupi 60, imfa ili pakhomo.

Nthawi imeneyo Warsaw idali m'manja mwa ufumu wa Russia ndipo maphunziro ankachitika m'Chirasha. Kusukulu yake yoyamba adaona mnzake akukwapulidwa pamaso pa kalasi yonse. Mantha a tsiku limenelo sadamuchoke moyo wake wonse.

Kenaka zinthu zidatembenuka. Bambo ake adayamba kudwala misala, ankangolowalowa m'chipatala, ndipo adamwalira m'chaka cha 1896. Chuma chidatha, katundu wa m'nyumba adayamba kupita kwa apinyolo. Henryk adayamba kuphunzitsa ana a anthu olemera m'makomo mwawo kuti mayi ake ndi mlongo wake apeze chakudya. Matenda a bambo akewo adamusiyira mantha oti mwina naye ali nawo m'magazi, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene sadakwatirire.

M'chaka cha 1898 adayamba maphunziro a udotolo payunivesite ya Warsaw. Chaka chomwecho adatumiza sewero lake kumpikisano wa alembi, ndipo podzibisa adabwereka dzina la munthu wa m'buku lina la mlembi Józef Kraszewski, loti Janasz Korczak. Wotayipa adaphonya chilembo chimodzi n'kulemba Janusz, dzinalo n'kukhazikika choncho.

Kuchoka kuchipatala

Adalandira digiri yake m'chaka cha 1905 ndipo posakhalitsa adatumizidwa kutali ku Manchuria ngati dotolo wa asilikali pankhondo ya pakati pa Russia ndi Japan. Atabwerako adagwira ntchito pachipatala cha ana cha Bersohn ndi Bauman ku Warsaw mpaka 1912. Mabanja olemera ankamulimbirana chifukwa mabuku ake adali atamutchukitsa, ndipo iye ankawalipiritsa mokwera kuti athe kuthandiza ana a amphawi mwaulere kapena pakandalama kochepa.

Chimene chinkamupweteka n'chakuti mwana akachira ankabwerera kunjala ndi nsabwe zomwe zija zidamudwalitsa. Patchuthi adayamba kudzipereka kukayang'anira ana osauka a mumzinda amene mabungwe achifundo ankawatengera kumudzi kuti akapitidweko mphepo.

Poyamba zidamukanika, ndipo iye mwini sadabise. Adapita ndi nzeru za m'mabuku, akuganiza kuti kumwetulira ndi mtima wabwino n'zokwanira, koma anyamata pafupifupi 30 amene adapatsidwa adamukwera pamutu. Ankalimbirana malo, zovala ndi chakudya, usiku osagona. Apa m'pamene adaphunzira kuti pagulu la ana popanda dongosolo amene amavutika ndi mwana wofatsa ndi wofooka, chifukwa wamphamvu amadzitengera yekha chimene akufuna.

Atakaona mmene anzake ankachitira ku Berlin, Paris ndi London, adasiya ntchito ya pachipatala. Bungwe lina la Ayuda lothandiza ana amasiye lidamanga nyumba yatsopano pa nambala 92 mumsewu wa Krochmalna, ndipo mu Okutobala 1912 ana adalowamo. Nyumbayo inkatchedwa Dom Sierot, kutanthauza nyumba ya ana amasiye. Korczak adakhala mkulu wake ndipo ankagona m'kachipinda ka kudenga.

Sadali yekha. Mayi Stefania Wilczyńska, amene adabadwa m'chaka cha 1886 m'banja lopeza bwino, ndiwo ankayendetsa zonse za tsiku ndi tsiku. Mbiri imakonda kutchula dotoloyu yekha, koma pamene iye adatengedwanso kupita kunkhondo kuyambira 1914 mpaka 1918, mayiwa ndiwo adasunga nyumbayo pakati pa njala ndi miliri.

Phungu wa mlendo

Panyumbapa pankakhala ana pafupifupi 100, anyamata ndi atsikana a zaka zoyambira 7 mpaka 14. Ambiri adali ochokera m'makwalala ndi m'mabanja osaukitsitsa, ena atazolowera kale kuba, kutukwana ndi ndewu. Maphunziro a m'kalasi ankakachitira kusukulu za mumzinda. Ntchito ya nyumbayi idali youmba khalidwe.

Mwana akangofika ankapatsidwa mnzake wamkulu woti amuyang'anire kwa miyezi itatu. Kwathu kuno tingamutche phungu, monga uja amakhala pambali pa namwali kuchinamwali, kumulangiza, kumutonthoza ndi kumuyankhira akalakwitsa. Phunguyu ankamuonetsa mlendoyo pogona ndi podyera, kumufotokozera malamulo, ndi kumutchinjiriza kwa ovutitsa anzawo. Mlendoyo akapalamula, phungu ankafunsidwa nawo.

Awiriwa ankakhalanso ndi kope lolemberanamo. Wamng'onoyo ankalembamo zimene zamusautsa kapena zimene walakwitsa tsikulo, phungu n'kumuyankha momwemo. Korczak adasunga ndi kusindikiza zina mwa zimene adalemberana mnyamata wina wovuta wa zaka 9 ndi phungu wake, mtsikana wa zaka 12. Phungu amene wagwira bwino ntchito yake ankalandira khadi la chithunzi lokumbukira, ndipo kwa mwana wopanda kanthu m'dzina lake khadi lotere lidali chuma.

Nzeru yake pamenepa njosavuta kuiona. Mphamvu zimene mwana wamkulu ali nazo pa wamng'ono sizingachotsedwe, zilipo basi, kaya ndi ku Warsaw kaya ndi m'hositelo ya kwathu kuno. Korczak adazitenga mphamvuzo n'kuzisandutsa udindo umene mwana ankaunyadira ndipo ankayenera kuuyankhira.

Nanga mwana wa chizolowezi choipa ankatani naye? Sabata iliyonse dotoloyu ankakhala pansi ndi kope kulandira ana ofuna kubetcherana naye. Mwana amene amamenya anzake kakhumi pasabata ankatha kubetcha kuti sabata ikubwerayo amenyana kasanu kokha. Akakwanitsa ankapata masiwiti, ndipo sabata yotsatira ankatsitsanso nambalayo. Korczak sankalola mwana kulonjeza kuti asiyiratu lero lomwe, podziwa kuti lonjezo lotere limathera m'kulephera ndi manyazi. Wowerengera ndewuzo adali mwana mwini wakeyo, ndipo dotoloyo ankakhulupirira mawu ake.

Ntchito zonse za panyumbapo, kusesa, kukolopa, kugawa chakudya, kuthandiza odwala, zinkagawidwa kwa ana, ndipo aliyense ankasankha yake. Theka la ola linkawerengedwa ngati gawo limodzi la ntchito, ndipo wokwanitsa magawo 500 ankalandira khadi lina. Naye dotolo ankatolera mbale patebulo, kumeta ana ndi kuwaphunzitsa kupolisha nsapato, moti alendo ena ankamuyesa wantchito wamba akamupeza atavala epuloni yake.

Padalinso bokosi la makalata la ana amene ankachita manyazi kulankhula pamaso, bolodi la zidziwitso, kabati yosungiramo zinthu zotayika ngakhale zikhale mabatani kapena timiyala, komanso nyuzipepala ya panyumbapo imene inkawerengedwa pamaso pa onse Loweruka lililonse. Sabata ndi sabata mwana aliyense ankakwera pasikelo. Dzino la mkaka likaguluka, dotoloyo ankaligula.

Nyumbayi idali ya Chiyuda ndipo inkasunga miyambo yake. Chakudya chinkaphikidwa motsata malamulo a Chiyuda, Sabata inkasungidwa kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa, ndipo Pasaka ankadya pamodzi. Loweruka masana ana ankapita kukacheza kwa abale awo amene adatsala. Koma mapemphero a m'mawa sadali okakamiza. Korczak mwini sadali munthu wopitapita kusunagoge, komabe ankakhulupirira kuti mwana, makamaka wamasiye, asamanidwe mpata wolankhula ndi Mulungu.

Bwalo la ana

Chimene chidatchukitsa nyumbayi kwambiri ndi bwalo la milandu. Aliyense amene walakwiridwa ankalemba pabolodi dzina lake ndi la amene akumusumira. Mphunzitsi mmodzi ankatolera maumboni ngati kalaliki, koma ogamula adali ana asanu osankhidwa mwamaere sabata iliyonse pakati pa amene sabatayo sadasumiridwe mlandu uliwonse.

Korczak adalemba buku la malamulo a bwaloli. Ndime zoyambira 1 mpaka 99 zonse zidali zothetsa mlandu kapena zokhululuka: mwina wolakwayo sadadziwe, mwina adachita mwangozi, mwina adaputidwa, mwina wapepesa kale. Kuchoka apo ndime zinkadumpha mazanamazana. Ndime 100 inkangonena kuti munthuyo walakwa ndipo bwalo silikumukhululukira. Milandu ikamakula, chigamulo chinkalembedwa m'nyuzipepala ya panyumbapo kapena kukhomedwa pabolodi. Pa ndime 700 abale ankadziwitsidwa, ndipo pa 800 wolakwayo ankalandidwa ufulu wake wina kwa sabata imodzi.

Ndime 900 ndiyo yochititsa chidwi. Inkanena kuti bwalo lataya chikhulupiriro mwa mwanayo ndipo ayenera kuchoka, pokhapokha patapezeka wina womuimira. Mnzake kapena mphunzitsi akadzipereka kukhala ngati nkhoswe yake, mwanayo ankatsala, ndipo milandu yake yotsatira inkagwera nkhosweyo. Ndime 1000 ndiyo idali yochotsa munthu, koma ngakhale wochotsedwayo ankaloledwa kupempha kubwerera pakatha miyezi itatu.

Mkwapulo, kumanidwa chakudya kapena kutsekeredwa m'chipinda mudalibe m'malamulowa. Maganizo a Korczak adali oti mwana akalakwa ndi bwino kumukhululukira n'kumupatsa nthawi yoti asinthe, koma bwalo lisalole kuti ofatsa aziponderezedwa ndi aukali, kapena akhama azigwirira ntchito alesi.

Akuluakulu nawo ankazengedwa. M'miyezi isanu ndi umodzi yokha Korczak adaonekera pabwaloli kasanu: pomenya mnyamata khofi, potulutsa wina m'chipinda chogona, poimika wina pakona, ponyoza woweruza komanso poganizira mtsikana wina kuti waba. Mndandandawu ukuonetsa kuti mkuluyu sadali mngelo. Mtima ankapsa nawo ndithu, ndipo bwaloli lidalinso chingwe chodzimangira iye mwini. Ndi aphunzitsi angati, kapena abambo angati m'makomomu, amene angalole kuimirira pamaso pa ana asanu kuti afotokoze chifukwa chimene adamenyera mwana?

Bwaloli silidayende myaa kuyambira pachiyambi. Ana ena adayamba kusumirana pa zinthu zopanda pake, ena ankaliseka, oweruza ena ankaopa kugamula anzawo amphamvu. Korczak adaliimitsa kwa masabata anayi, n'kulikonzanso poonjezera kabungwe koona milandu ikuluikulu, kenaka lidayambiranso.

Pamwamba pa bwalo padali nyumba ya malamulo ya ana 20 osankhidwa ndi anzawo. Ina mwa ntchito zake idali kukhazikitsa masiku apadera. Pa 22 Disembala, pamene usana umafupikitsitsa ku Poland, aliyense ankaloledwa kugona tsiku lonse ngati akufuna. Pa 22 Juni, pamene usiku umafupikitsitsa, wofuna kuchezera ankachezera. Padalinso tsiku limodzi pachaka loletsa kusamba.

Si zonse zimene zingayamikiridwe. Mlendo akatha mwezi, anzake ankamuvotera ndi timakadi tosonyeza kuti amamukonda, samukonda kapena alibe naye kanthu, ndipo zotsatira zake zinkathandiza kuika ana m'magulu, kuyambira mnzathu weniweni mpaka mlendo wolemetsa. N'zoona kuti aphunzitsi nawo ankavoteredwa ndiponso kuti mwana ankatha kukwera gulu, koma kwa mwana wa zaka 8 amene wangotaya mayi ake, kumva kuti anzake ambiri samufuna ndi katundu wolemera. Ena mwa amene adakulira panyumbapa adadandaulanso kuti atatuluka pa zaka 14 adakapeza dziko lopanda bwalo lachilungamo, kumene bwana amatukwana wantchito popanda womufunsa, ndipo adavutika kuzolowera.

Dotolo Wokalamba wa pawailesi

Ali kunkhondo yoyamba ija, Korczak ankalemba usiku pakati pa kuthandiza ovulala, ndipo zolembazo zidadzakhala buku lake lotchuka lonena za mmene munthu angakondere mwana. M'chaka cha 1919 adathandiza mayi Maryna Falska kutsegula nyumba ina yotchedwa Nasz Dom, ya ana a Chipolishi a m'mabanja a Chikhristu, imene inkayendera dongosolo lomweli.

Chaka cha 1920 chidamuwawa. Akugwira ntchito m'chipatala cha asilikali adatenga matenda a typhus, amene amafala ndi nsabwe. Mayi ake adamutengera kunyumba kuti amudwazike, matendawo n'kuwagwira iwo. Iye adachira, mayiwo adamwalira.

Zaka zotsatira zidali za ntchito yochuluka. Adalemba buku la ana la kamfumu kotchedwa Maciuś, kamene kadayesa kupatsa ana ulamuliro zinthu n'kusokonekera, ndipo ana a ku Poland amaliwerengabe. Ankaitanidwa kukhoti kukapereka maganizo pamilandu ya ana. M'chaka cha 1926 adayambitsa Mały Przegląd, nyuzipepala yolembedwa ndi ana imene inkatuluka Lachisanu lililonse mkati mwa nyuzipepala ya Ayuda ya Nasz Przegląd, ndipo atolankhani ake achicheperewo ankalipidwa. Idatuluka komaliza pa 1 Sepitembala 1939.

Ankaphunzitsanso aphunzitsi. Ophunzira ake ena adasimba za tsiku limene adawaitanira m'chipinda cha ekisile atagwira kamnyamata padzanja. Adakaimika kuseri kwa makinawo mumdima, ndipo onse adaona kamtima kake kakugunda mothamanga ndi mantha. Phunziro la tsikulo lidali lomwelo: azikumbukira chithunzicho nthawi iliyonse akafuna kukalipira kapena kumenya mwana.

Pakati pa zaka za m'ma 1930 ankalankhula pawailesi ya dziko la Poland pogwiritsa ntchito dzina loti Dotolo Wokalamba, ndipo mabanja ankasonkhana kumumvera. Koma chidani pa Ayuda chinkakula. Manyuzipepala ena adayamba kudandaula kuti Myuda akulangiza ana a Chipolishi, ndipo m'chaka cha 1936 pologalamuyo idaimitsidwa, ngakhale adadzabwereranso kwa kanthawi mu 1938. Adapita kawiri ku Palestine, mu 1934 ndi mu 1936, kukaona ana ake akale amene adasamukira kumeneko, ndipo adalingalirapo zokakhazikika konko. Mayi Wilczyńska adapitadi kukakhala kumudzi wa Ein Harod mu 1938, koma adabwerera ku Warsaw mu 1939 nkhondo itatsala pang'ono kuyamba.

Kuseri kwa mpanda

Germany idalowa m'dziko la Poland pa 1 Sepitembala 1939. Mu Novembala 1940, chaka chomwe kuno kwathu kudatsegulidwa Blantyre Secondary School, asilikali a Hitler adatsekera Ayuda a ku Warsaw m'dera lozingidwa ndi khoma lotchedwa ghetto. Mawuwa lero achinyamata amatchulira makwalala awo monyadira, koma ghetto ya ku Warsaw idali ndende. Anthu oposa 400,000, pafupifupi theka la anthu onse amene kalembera wa 2018 adapeza mumzinda wa Blantyre, adapanikizidwa pamalo osakwana masikweya kilomita anayi.

Ana a Korczak adasamutsidwira mumsewu wa Chłodna mkati mwa mpandawo. Tsiku losamuka, asilikali adalanda ngolo ya mbatata ya kachewere imene idali chakudya cha anawo. Dotoloyu adapita yekha kulikulu la Ajeremani kukaitanitsa mbatatayo, atavala yunifolomu yake yakale ya usilikali wa Poland komanso wopanda kansalu ka nyenyezi kamene Myuda aliyense ankakakamizidwa kuvala pamkono. Adamenyedwa n'kutsekeredwa m'ndende ya Pawiak kwa pafupifupi mwezi, mpaka anthu omufunira zabwino adasonkha ndalama zomutulutsira.

Mu Okutobala 1941 adasamutsidwanso kupita kunyumba ina yopanikiza pakati pa misewu ya Sienna ndi Śliska, ana atafika pafupifupi 200. Tsiku ndi tsiku nkhalambayi, miyendo itatupa, inkayenda khomo ndi khomo ndi thumba kumsana kupempha chakudya ndi ndalama, ndipo olemera omana inkawadzudzula poyera. Kumayambiriro kwa 1942 idadziperekanso kukathandiza panyumba ina ya ana mumsewu wa Dzielna, kumene ana mazanamazana ankafa ndi njala ndi matenda.

Mkati mwa zonsezi dongosolo lija silidaime. Ntchito zinkagawidwabe, nyuzipepala ya Loweruka inkawerengedwabe, ana ankalembabe m'makope awo. Sikelo nayo inkagwirabe ntchito, ngakhale tsopano inkangoonetsa mmene anawo ankatheramo.

Anzake a kunja kwa mpanda sadamuiwale. Igor Newerly, amene adakhalapo mlembi wake, adalowa m'ghetto kukamupempha kuti atuluke pogwiritsa ntchito zitupa zachinyengo, malo obisalako atakonzedwa kale. Korczak adakana chifukwa mwayiwo udali wa iye yekha.

Pa 18 Julayi 1942 ana adachita sewero la mlembi wa ku India, Rabindranath Tagore, lonena za kamnyamata kodwala kotsekeredwa m'chipinda kamene kamafa kakudikira kalata yochokera kwa mfumu. Patangotha masiku anayi, pa 22 Julayi, tsiku lokumbukira kubadwa kwa Korczak, Ajeremani adayamba kutuma anthu a m'ghetto pasitima kupita ku Treblinka, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ngati kuchoka ku Blantyre kukafika ku Mwanza. Anthu ankauzidwa kuti akusamutsidwira kum'mawa kukagwira ntchito. Zoona zake n'zakuti ku Treblinka kudali zipinda zophera anthu ndi mpweya wapoizoni, ndipo m'miyezi iwiri yokha Ayuda a ku Warsaw oposa 250,000 adatumizidwa kumeneko.

Korczak adalemba komaliza m'kope lake pa 4 Ogasiti. Adalemba za kuthirira maluwa pawindo msilikali wa mfuti akumuyang'ana, iye n'kumadzifunsa ngati msilikaliyo adali mphunzitsi kapena wosesa m'misewu nkhondo isadayambe.

M'mawa wa pa 5 kapena 6 Ogasiti asilikali adazinga nyumbayo. Ana pafupifupi 200 adafola anayianayi. Korczak adatsogola ndi gulu loyamba, mayi Wilczyńska akutsogolera lina, pamodzi ndi ogwira ntchito anzawo pafupifupi khumi. Adayenda dzuwa likuswa mtengo kudutsa m'ghetto mpaka pamalo okwerera sitima otchedwa Umschlagplatz, ndipo amene adaona adasimba kuti anawo adayenda mwadongosolo. Adakwezedwa m'mabogi onyamulira ng'ombe. Palibe mmodzi yemwe wa iwo amene adabwerako. M'chaka cha 2015 khoti la ku Poland lidagamula kuti tsiku la imfa ya Korczak lilembedwe kuti ndi 7 Ogasiti 1942.

Anawa adali ochepa chabe mwa ana a Chiyuda pafupifupi 1.5 miliyoni amene adaphedwa pankhondoyo, pakati pa Ayuda 6 miliyoni. Sikuti Korczak ndi Wilczyńska okha ndiwo adapita ndi ana awo. Aphunzitsi ndi anamwino a nyumba zina za ana m'ghettomo adachitanso chimodzimodzi, kungoti maina awo sadamveke kutali.

Kope lake lija lidazembetsedwa kupita kwa Newerly, lidabisidwa m'khoma la nyumba ya Nasz Dom, ndipo lidasindikizidwa m'chaka cha 1958. Mu 1978, pokumbukira zaka 100 chibadwire dotoloyu, dziko la Poland lidapereka ku United Nations chikalata choyamba chopempha pangano la ufulu wa ana. Panganolo lidavomerezedwa pa 20 Novembala 1989 ndipo Malawi idalowamo mu 1991. Ndime 12 ya panganoli imapatsa mwana ufulu womvedwa pankhani zomukhudza, zimene ana a mumsewu wa Krochmalna ankachita kale Loweruka lililonse. Kuno kwathu, lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 ndilo lidakhazikitsa makhoti apadera ozenga milandu ya ana, ngakhale oweruza ake ndi akuluakulu.

Ku Treblinka kulibe manda a munthu aliyense payekha. Pamalopo padadzalidwa miyala pafupifupi 17,000, ndipo ina mwa iyo idalembedwa maina a mizinda ndi midzi kumene ophedwawo adachokera. M'chaka cha 1978 padaikidwa mwala wokhala ndi dzina la Janusz Korczak, dzina lake lobadwa nalo, ndi mawu otchula anawo. Nyumba ya mumsewu wa Krochmalna idapulumuka pankhondo ndipo ikadalipo, kungoti msewuwo tsopano umatchedwa Jaktorowska, ndipo kachipinda ka kudenga kamene dotoloyu ankagona kulibenso.